Sopo wa Mutu wa Achimwene

Ndaima pa benchi la Abiti Sanudi mumsika wa Limbe,
ndalama ndamanga pamfundo ya chitenje,
mabotolo akundiyang'ana ngati apongozi.
Lobiriwira, lapinki,
lina lojambulidwa mkazi wa tsitsi loterera ngati therere.

"La ndani, mayi?"
La achimwene anga a Filimoni, okhoma zidebe ku Ndirande,
amene kabaza inawatayira m'ngalande pa Chinseu.
Manja onse awiri ali m'chikhakha.

Zaka khumi ndi zinayi ndakhala ndikuunyoza mutu umenewo.
Pa ukwati wanga ndinati avale chipewa.
Pa maliro a bambo ndinati akhale kumbuyo.
Koma ku Kwinzi namwino atabwera ndi sizasi
achimwene anangondiyang'ana, osayankhula,
ndipo mawu anandipulumuka ndisanawayeze:
asiyeni, ndizichapa ndine.

Abiti Sanudi akukankhira pambali botolo lapinki.
"Ili ayi. Limafewetsa,
limamasula zimene munthu wapota kwa zaka.
Lamafutali limasiya phala,
kunja kununkhira, mkati chuku.
Madiredi ndi zingwe, mayi,
amameza chilichonse, salavula."

Nanga mtanda uja wochapira?
Akuseka mpaka duku kupendekeka.
"Mwati ndi bulangete?
Udzawasiyira mfundu,
ndiye azidzakanda ndi chiyani, poti manja ali m'ndende?"

Akunditulutsira kabotolo kopanda chithunzi,
shampu yoonekera ngati madzi a pampopi,
kafungo ka nimu patalipatali.
Mtengo wake ndi ndiwo za masiku atatu.
Ndanenerera, achotsako pang'ono,
aponyamo mandimu awiri a basela.
"Dontho, osati dzanja lodzaza.
Tsukani khungu, thovu lizitsika lokha.
Tsukuluzani katatu, mukatopa muwonjezere kamodzi.
Ndipo muziyamba mwayang'ana phiri:
likafunda chiperoni musayerekeze,
mutu wosauma umanunkha ngati chisanza."

Loweruka dzuwa latuluka.
Mpopi unauma Lachinayi,
ndakoka zigubu zitatu kuchokera ku kiyosiki.
Achimwene akhala pa chidebe chovundikira,
chikhakha ndachiveka majumbo,
khosi chagada pa bondo langa.
Ndamasula mphira.
Zagwa zonse, mpaka m'beseni, zolemera ngati zovala zonyowa.

Madzi oyamba atuluka ofiira:
fumbi la Ndirande, utsi wa mbaula,
tizidutswa ta malata tonyezimira pansi pa beseni,
fungo la wodi ya amuna.
Achiwiri atuwa.
Zala zanga zikuyenda mmene sizinayendepo.
Apa chingwe chawonda, chaka cha njala chija.
Apa pali ulusi wofiira
umene Esinta anamangapo asanakwere basi ya ku Joni.
Apa, pafupi ndi khungu, imvi zayamba kulowa
ndipo palibe anandiuza.

"Alipo eyite seveni," akutero, maso otseka.
"Akatsala eyite sikisi ndidzadziwa."
Kuseka kwawo koyamba chitulukire m'chipatala.

Ndafinyira mandimu m'madzi omaliza.
Ndikukama chimodzichimodzi,
msana ukudandaula, ana a neba adzaza pampanda.
Thaulo yanyowa, ndatenga chitenje chakale,
nacho chanyowa.
Chatsala ndi dzuwa.

Takhala pakhonde mpaka mthunzi wa bafa watipeza.
Iwo akuwodzera, madiredi ayanikidwa pa mpando
ngati fodya m'chigafa,
ine ndikununkhiza manja anga.

"Chemwali, pakati apa pakuyabwabe."
Ndakanda.
"Kumanzere pang'ono."

Kabotolo katsikako ndi chala chimodzi chokha.
Ndakabisa pamwamba pa khoma, kuseri kwa nyali,
kuti ana anga asachapire masokosi.
Dokotala akuti chikhakha chichoka pakatha masabata asanu.
Ndawerenga ma Loweruka.
Kakwana, ndipo katsalako.